Adye Kaye, Kenako Umubaye

Domasi,
Lachisanu masana.

Mwana wanga Edina,

Ndikulemba ndili pakhonde dzuwa likadali pamutu, chifukwa likangopendekera kuphiri maso angawa salondolanso mzere wa m'kope. Iwe wapita ku Malosa kukatsanzika azakhali ako, ndipo ndikuwadziwa, sakakumasula msanga. Kalatayi ndiipinda n'kuiika pansi pa chitini cha majakisoni kuti ukaipeze utafika kale ku Ntcheu. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma muli zina m'menemu zimene ndalephera kuzinena kwa zaka zinayi, ndipo sindikuona kuti lero ndiye ndingalimbe mtima.

Mawa ukupita kukayamba uphunzitsi, ndipo ukutenga Kapitawo. Makolo anzanga mwana akamachoka amamupatsira mphasa, nkhuku kapena kathumba ka mpunga. Ine ndikukusenzetsa mphaka wokalamba wodwala shuga, wofuna jakisoni m'mawa ndi madzulo. Unavomera osanyinyirika, ndipo ndikuthokoza. Usaganize kuti ndatopa naye. Ndikumupereka chifukwa akapitiriza kukhala ndi ine ndimupha, ndipo pa zonse zimene amayi ako anasiya m'nyumba muno, chopuma ndi iye yekha kupatula iwe. Mtima ukundiwawa kwambiri, sindikubisira.

Unali Sitandade 6 pamene amayi ako anabwera naye kuchokera kuchigayo, atamukulunga m'chitenje, kamwana kamphaka kotuwa ndi gaga. Ine ndinakana. Ndinati telala ndi mphaka sakhalira nyumba imodzi, nsalu za eni zidzadzaza ubweya. Iwo anangoti, "Chabwino abambo, agone lero lokha." Lero lokhalo lakwana zaka khumi ndi chimodzi. Dzina ndinamupatsa ndine, chifukwa ankakwera pamulu wa nsalu zodula n'kumandiyang'ana ndikupalasa makina, osathandiza kanthu, nkhope ili gwa ngati ndachedwetsa ntchito. Koma anamuwononga ndi amayi ako. Achipatala atawaletsa mandasi chifukwa cha shuga wawo, ankagulabe mandasiwo n'kumanyemera mphaka, iwo n'kumangomuyang'ana akutafuna. Ndikadandaula ankati, "Musiyeni andidyere." Ananenepa mpaka kulephera kulumphira pawindo.

Uzikhala ndi maso pa madzi amene akumwa. Ine ndinachedwa kuona. Patatha zaka ziwiri tiike amayi ako, anayamba kumwa madzi mosaleka, mpaka kunyambita pansi pa ndowa, thupi n'kumapita. Tsiku lina anakodzera nsalu ya diresi ya mwini, nsalu yatsopano yosadula n'komwe. Ndinamukwapula ndi lula yoyezera nsalu, Edina, ndinamutsekera kunja sabata yathunthu. Ankalira pakhomo ine n'kumati akhaule. M'mawa wina ndikusesa pakhonde ndinaona nyerere zaunjikana bii pamene anakodza. Tsache linandigwa m'manja, chifukwa nyerere zotero ndinaziona kale, m'beseni la amayi ako, chaka chimene anayamba kudwala. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Choncho ukadzaona wayambanso kumwa kwambiri kapena kuipitsa malo amene sachita, usathamangire ndodo. Ngakhale ana a sukulu amene ukawaphunzitsewo, wina akasintha khalidwe mwadzidzidzi uziyamba wafunsa kuti chavuta n'chiyani.

Ulendo wa ku Zomba kwa a vetenale sunauone, unali ku koleji. Ndinamuika m'dengu n'kumangapo chitenje. M'minibasi anayamba kulira, kondakitala n'kuti, "Madala, nkhuku yanuyi bwanji ikulira chimphaka?" Galimoto yonse kuseka. Nditanena kuti ndikupita naye kuchipatala, mayi wina anasendera kutali n'kuti, "Anthu tikusowa panado, ena akuperekeza amphaka." Sananame. Mpaka lero ndilibe yankho labwino la mawu amenewo, ndipo iwenso udzawamva. Dokotala wake anali wachinyamata, koma wofatsa. Atamuyeza anandiyang'ana n'kuti, "Bambo, iyi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku mpaka imfa yake. Ambiri amasankha kuti tingomugoneka tulo tosadzukanso. Mukwanitsa?" Ndinati, "Ntchito imeneyi ndikuidziwa, ndinakhala nayo m'nyumba zaka zisanu ndi ziwiri." Anandilembera kapepala kamene kali m'chitinimo: mizere iwiri ya pajakisoni m'mawa, mizere iwiri madzulo. Anabwereza katatu kuti mphakayo azidya kaye ndisanamubaye. Ine ndinangowerama, iye osadziwa chifukwa chake.

Adye kaye, kenako umubaye. Ukaiwala zonse zili m'kalata muno, ichi chokha usaiwale. Umuikire matemba m'mbale yake, uimirire pomwepo, umuone ndi maso ako akumeza. Usadalire mbale yopanda kanthu, chifukwa kwathu kuno nkhuku zinandinamizapo. Akangonunkhiza n'kuchokapo, jakisoni umubwezere m'chitini. Akakana kudya m'mawa ndi madzulo omwe, kapena akamasanza, m'mawa mwake umunyamule upite naye kwa a vetenale, usadikire Loweruka. Phala, mpunga, mkate, usamupatse ngakhale akulilire chotani, ndipo kulira amakutha, amachita ngati wamasiye wosadya sabata.

Botolo la insulini limadana ndi kutentha. Izi ndinazidziwa kale kwa amayi ako, koma ulesi unandipeza. Chilimwe china ndinazolowera kulisiya pawindo la kuchipinda kuti ndisamavutike kulifuna, dzuwa la masana n'kumaliwotcha. Mankhwala anafa mphamvu ine osadziwa. Kapitawo anayambanso kuonda ndi kumwa madzi. M'malo mokwera minibasi kukafunsa, ndinadziyesa dokotala. Ndinati telala amadziwa kuwonjezera nsalu malaya akathina, ndiye ndinakweza, mizere itatu, kenako inayi. Sizinasinthe kanthu, poti ndinkangomubaya madzi. Ndiye malume ako anabwera kuchokera ku Blantyre ndi botolo latsopano lamphamvu zake zonse, ine n'kukoka mizere inayi yomwe ija. Dzuwa lisanafike pamutu mphaka anayamba kuyenda dzandidzandi, kugunda miyendo ya tebulo, maso ali tong'oo koma osaona. Kenako anagwa chammbali n'kuyamba kunjenjemera.

Chinamupulumutsa ndi uchi. Ndinaviika chala m'botolo n'kumupaka m'nkhama, kupaka, kupakanso, ndikumuitana dzina ngati munthu. Patapita kanthawi anaphethira, n'kunyambita chala changa. Atadzutsa mutu ndinamupatsa matemba. Kabotolo ka uchi ndakuikira, kazikhala pafupi ndi chitini, ndipo usamathire mu tiyi ngakhale shuga akuthere. Ukadzaona zizindikiro zimenezi usamuthire madzi kukhosi, angatsamwe. Umupake m'nkhama basi, akatsitsimuka adye, ndipo tsiku limenelo usamubayenso usanaonane ndi a vetenale. Shuga akakwera amadwala pang'onopang'ono, amakupatsa masiku oti uganize. Shuga akatsika amapita tsiku lomwelo.

Ndiye mizere usakweze pawekha, Edina, ngakhale uli ndi satifiketi. Ukafika ukafune kamtsuko kadothi, uikemo mchenga wonyowa, ukwirire botolo mpaka m'khosi, ukaike pakona yozizira kumene dzuwa silifika. M'mawa uliwonse uziwaza madzi pamchengapo. Potenga botolo usalikhutchumule ngati mankhwala a chifuwa, uzingoligubuduza m'zikhatho mpaka zoyera zimene zimatsalira pansi zisakanikirane. Majakisoni ake ndi a chivindikiro chofiira okhaokha. Akadzakupatsa a mtundu wina usalandire usanafunse, chifukwa mizere yake siyofanana ndi yathuyi. Pobaya utsine chikopa cha m'mbali chitukuke, ulowetse singano mosazengereza, lero mbali iyi mawa inayo. Dzanja lokayika ndilo limamupweteka.

China, usamabise. Masiku oyamba ndinkachita manyazi, ndiye ndinkatseka chitseko ndi mawindo ndikamamubaya. Sindinaganize kuti mwamuna wofedwa, wokhala yekha ndi mphaka, wodzitsekera kawiri pa tsiku, anthu amuona bwanji. Ntchito inayamba kuchepa, nyengo ya zisankho yoti matelala anzanga sankagona kusoka malaya a zipani, aliyense kufuna mtundu wake. Ana ankadutsa pakhomo pano chothamanga. Anandimasula ndi Che Saidi, amene amatibweretsera matemba a ku Chilwa. Anatsika panjinga n'kuti, "Atelala, ine ndi mnzanu, ndikuuzani. Anthu akuti mphakayu si mphaka. Akuti mukumudyetsa za usiku." Ndinapsa mtima, ndinafuna kupita kwa abusa. Iwo anati, "Kwa abusa mukatani? Mawa mudzabayire panja, ine ndidzabwera kudzakhala pampandopo." Anabweradi, anakhala pakhonde ndi chisoti chawo, n'kumaitana aliyense wodutsa, "Tabwerani mudzaone chipatala cha atelala!" Amayi ochokera kumadzi anaima ndi ndowa pamutu, kuseka mpaka madzi kutayika. Nkhani inathera pomwepo. Kumene ukupitako ndiwe mlendo, mtsikana wosakwatiwa, ndiye tsiku loyamba lomwe ubayire pakhonde anthu akuona, ndipo wofunsa umuyankhe bwinobwino.

Za tsiku lija tinamubaya kawiri ukuzikumbukira, koma ndikufuna ndikuuze mmene ndimazionera ine, chifukwa unadziimba mlandu wosakhala wako. Ndinamubaya m'mawa n'kupita kumaliro kutsidya osakuuza. Nditabwerera kudzatenga buku la nyimbo limene ndinaiwala, unandiona ndikutuluka mothamanga, n'kuganiza kuti mwina sindinabaye. Unafuna kundifunsa, unandiuza wekha pambuyo pake, koma unaona kuti kufunsa bambo ako kuti "mwachita kale?" n'chipongwe, ngati ukunena kuti akalamba. Ndiye unangomubaya. Tinamupulumutsanso ndi uchi, mwamwayi. Unalira tsiku lonse. Koma amene anakulera kuti usamafunse akulu ndi ine. Ndinkanyadira anthu akamati mwana wa atelala sayankha, amangogwada. Ulemu umenewo ukanatiphera mphaka.

Njira ya mbale imene tinayamba kuchokera tsiku limenelo upitirize ngakhale ukakhale wekha. Ukamubaya uvundikire mbale yake chafufumimba, nthawi ya chakudya china ikakwana uitembenuze. Mutu wa mphunzitsi umadzaza zambiri, udzaima pakhomo la kalasi n'kumadzifunsa ngati wabaya kapena ayi. Ukakayika usabaye. Kuphonya kamodzi sikumupha, kubwereza ndiko kumapha. Ukapezenso munthu mmodzi wamkulu wodalirika, mmodzi yekha osati awiri, umuphunzitse, kuti pakagwa maliro oti ukagone konko asasowe womuona. Ndipo munthuyo umuuze kuti azikufunsa mosaopa, nawenso uzimufunsa ngakhale akhale mkazi wa ahedi.

Mwezi watha uja ndi umene unandigonjetsa. Ine amene ndinkalowetsa ulusi m'singano ya makina osayang'ana n'komwe, ndinakweza jakisoni kudzuwa, ng'ala n'kundionetsa mizere yonse ngati umodzi. Ndinakoka mongoganizira. Ndinali nditatsina kale chikopa pamene unandigwira dzanja n'kuti, "Ababa, taimani, imeneyo ndi isanu ndi iwiri." Ndinakukalipira, ndinati za majakisoni ndinazidziwa iwe usanadziwe kuchapa. Sunandisiye dzanja. Aka kanali koyamba m'moyo wako kundikaniza chinthu, ndipo ndikufuna udziwe kuti ngakhale ndinatuluka panja mokwiya, kumeneko ndinakathokoza Mulungu. Pepa chifukwa cha mawu amene ndinakunenera.

Tsopano khala pansi, mwana wanga, ngati waimirira. Ndikuuze chifukwa chimene ndimabwerezera za kudya mpaka kukutopetsa.

Amayi ako sanafe chifukwa shuga anakwera. Ndinakunamiza.

Unali Folomu 4 ku sukulu yogonera konko, mayeso atayandikira. Linali Lachiwiri, mpunga utayamba kucha m'madimba. Amayi ako anaphika mbatata zokwana anthu awiri ndi tiyi. Analowa kuchipinda n'kudzibaya pantchafu monga mwa masiku onse, kuti akatuluka tidye. Asanavundukule n'komwe mphika tinamva odi. Anali a Namate, mkulu wa mpingo wa kutsidya, ndi akazi awo, atabwera kudzayezetsa zovala za ukwati wa mwana wawo. Ine mtima unali m'mwamba, anthu olemekezeka chotero kulambalala matelala a ku Zomba n'kubwera kwa ine.

Amayi ako anandikodola, tinaima kuseri kwa chitseko. Ananong'ona kuti, "Abambo, ndabaya kale." Ndikukumbukira mawu anga onse, ndipo ndikulemba monga ndinawanenera. Ndinati, "Ndiye mukufuna alendo atione tikutafuna iwo akuyang'ana? Apatseni zimenezo, inu muphika zina. Pirirani pang'ono." Sanatsutse. Anathira madzi osamba m'manja, anapereka mbatata zonse, n'kukatereka mphika wina. Ine ndinadya nawo alendowo, Edina. Ndinadya, ndinathira shuga masupuni awiri mu tiyi wanga, ndikuseka nkhani za ukwati.

Mbatata zachiwiri zisanapse alendo ananyamuka. Ndinaitana kukhitchini, "Amake Edina, aperekezeni amayiwa." Anatuluka, anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kumene kunali mphika. Kuyang'ana kumeneko ndinakuona, sindinganame kuti sindinakuone. Ndikanangoti, amayiwa sakupeza bwino, atsale, a Namate sakanadandaula, ndi anthu abwino. Koma ndinaopa kuti akanena kutsidya kuti kwa atelala mkazi saperekeza alendo. Anamanga chitenje n'kutsatira.

Ukudziwa kuperekeza kwathu kuno mmene kumakhalira. Mumati tisiyane pamtengo wa mango, nkhani n'kukoma, mumati pachulu, mpaka tinakafika pamlatho. Pamenepo amayi ako anatsanzika. Thukuta linali pamphumi pawo kunja kukuzizira. Anati adzera njira yachidule ya m'madimba. Ine ndinati ndipitirira kumsika kukagula zipi ndi mabatani a ukwatiwo. Sanandipemphe kuti ndiwaperekeze, ndipo ine sindinadzipereke. Kumsika ndinapeza anzanga akusewera bawo, ndinakhala pansi.

Nditafika kunyumba ndinapeza utsi uli tolo m'khitchini, mphika utauma, mbatata zitapserera. Ndinayamba ndi kukwiya, kuti mayiyu wapitanso kukacheza kuti. Kenako ndinamva mayi wina akukuwa dzina langa kuchokera kumadimba. Amayi oingitsa mbalame mumpunga anawapeza atagwa m'mbali mwa ngalande, akunjenjemera. Anayesa khunyu, ena anaopa kuwakhudza, ena anawakokera pamthunzi n'kumawakupiza ndi zitenje. Anachita zimene ankadziwa, sindiwaimba mlandu. Panalibe amene ankadziwa kuti pankafunika kashuga pang'ono chabe m'kamwa. Amene ankadziwa ndi ine, ndipo m'thumba la jekete langa munali masiwiti atatu amene anamwino anandiuza kuti ndiziyenda nawo chifukwa cha iwo. Ndinali nawo pabawo paja nthawi yonseyo. Pamene ndinkafika anali atakhalitsa. Tinapeza galimoto, tinafika ku Zomba, achipatala anayesetsa, koma sanadzukenso. Anatisiya m'mawa mwake.

Malume ako atakakutenga ku sukulu, unandifunsa kuseri kwa nyumba kuti chachitika n'chiyani. Ndinati shuga anakwera, mankhwala analephera. Ndinadziuza kuti ndikukuteteza chifukwa cha mayeso. Ndiye iwe unapukuta misozi n'kuti, "Ankadya mandasi mobisa eti? Ndinkawaona akugula." Ndinalola kuti uwaimbe mlandu amayi ako ali m'bokosi m'nyumba, kuti iwe usandiyang'ane ine. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndicho chimandidya kwambiri. Mayeso anatha kalekale, koma ine ndinapitiriza kukhala chete, ndipo chaka chilichonse zinkavutirapo kunena.

Sanadye mobisa, Edina, ngakhale kamodzi. Zaka zisanu ndi ziwiri anasunga lamulo lililonse la achipatala. Anafa ndi njala m'mimba, mphika uli pamoto, chifukwa mwamuna wawo anaopa manyazi pamaso pa alendo.

Anthu amandiseka kuti ndimakonda mphaka kuposa anthu. Si chikondi chokha ayi. M'mawa uliwonse ndikaimirira pambali pa mbale ija kudikira kuti ameze, ndimakhala ndikuchita chimene ndinalephera kuchitira amayi ako. Sichibweza kanthu, ndikudziwa. Mphaka ndi mphaka. Koma chinkandidzutsa m'mawa, ndipo kuyambira mawa sindikudziwa kuti ndizidzukira chiyani. Usabwerere chifukwa cha mawu amenewa, ndangonena kuti udziwe. Azakhali ako azibwera, Che Saidi aliponso, sindifa ndi njala.

Kumene ukupitako alendo adzabwera pa nthawi yolakwika. Adzagogoda ahedi, adzagogoda abusa, tsiku lina adzagogoda ndi a kwa mwamuna amene adzakufune. Udzakhala utagwira mbale ya matemba, manyazi n'kukugwira kuti anthu aakulu chotere ndiwadikiritse chifukwa cha mphaka. Adikiritse. Uwapatse mpando, uwauze kuti pepani, ndili ndi wodwala, ndimalize kaye. Wokwiya akwiye. Ndipo ukadzakwatiwa, mwamuna wako akadzakuuza kuti pirira pang'ono pa chinthu chimene thupi lako likukuuza kuti sichidikira, usadzamumvere ngati mmene amayi ako anandimvera ine. Ndinakuphunzitsa kugwada, ndipo unaphunzira bwino. Kukana sindinakuphunzitse, unadziphunzitsa wekha mwezi wathawu, ndiye usakutaye.

Pa ulendo ndakuuza kale pakamwa, koma ndibwereze poti ndine wobwereza. Dengu likhale pamiyendo pako, asakaike pamwamba pa galimoto ngakhale kondakitala alankhule chotani. Botolo ulikulunge m'kansalu konyowa. Ukafika mwina sadya chifukwa cha mantha a malo achilendo. Usadabwe, ndipo usamubaye. Umutsekere m'nyumba masiku angapo asanayambe kutuluka, angayambe ulendo wofuna kubwerera kuno, ndipo ndi miyendo yakeyo sangafike ngakhale pa Balaka. Ndaika m'dengumo kansalu kotsala pa diresi ya amayi ako yobiriwira ija, amakonda kugonapo.

Kapitawo wakalamba, sakhala zaka zambiri ngakhale umusamale chotani. Tsiku limene adzapite usadzadzizunze. Koma udzandiuze zoona zake, kaya anakwera kaya anatsika, kaya unaiwala kaya unachedwa ku sukulu. Usadzandikonzere nkhani yabwino pondimvera chisoni. Ndaona chimene nkhani yokonza imachita m'nyumba.

Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Amene ndikanawapepesa kulibe, ndipo iwe uli ndi ufulu wokwiya nthawi yonse imene ukufuna. Mawa m'mawa udzandiona ndikuseka, ndikukunyamulira chikwama, iwe osadziwa chimene chili pansi pa chitini. Undilole tsiku limodzi lomalizali undiyang'ane monga wakhala ukundiyang'anira. Ukawerenga, ngati ukaone kuti sungathe kundilembera monga bambo ako, ndidzamvetsa. Koma undilembereko za mphaka yekha. Ngakhale popanda moni, ngakhale popanda dzina lako pansi, ndidzapita ku positi Lachisanu lililonse. Ungolemba kuti wadya, ndamubaya.

Ndine bambo ako,
amene anakulakwira iwe ndi amayi ako.